Ng'ombe zikuwonda zili pakati pa udzu

Dzuwa la mu Okutobala lili paliwombo. M'dambo lina m'mbali mwa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji, ng'ombe zikutsika motsogozana, fumbi lili koboo m'mbuyo mwake.

Kumtunda komwe zachokera kwada bii. Moto wa osaka mbewa unadutsako, ndipo chatsala ndi phulusa ndi timitengo topserera.

Nthiti za ng'ombezi zikuwerengeka uli patali. Nkhunzi yomwe ili patsogolo linunda lake lafota mpaka kugwera mbali imodzi.

Komatu udzu ulipo.

M'mphepete mwa dambo muli udzu wa tsekera womwe unapulumuka moto, wotalika kuposa munthu, wouma gwaa. Ng'ombe zikungoulambalala. Chapakati, pomwe nthaka idakali ndi chinyontho, pali ziputu zobiriwira bwino. Ng'ombe imodzi ikununkhiza, ikubudula kamodzi, n'kusiya.

Zonse zikukanganirana malo amodzi: m'munsi mwa chulu, pomwe kapinga wayanga pansi. Ndi waufupi moti zikuchita kumuseteka ndi lilime.

Mnyamata woweta, yemwe wakhala pamthunzi ndi legeni m'khosi, sakudabwa nazo. Akuti ziputu zobiriwirazo ng'ombe zimadya pokhapokha zikasoweratu pogwira, ndipo zikadya zimakhuta koma sizinenepa.

Mnyamatayu sanapiteko ku koleji ya zaulimi ya Bunda. Koma zomwe akunenazi ndi zomwe ophunzira zaulimi wa ziweto amauzidwa m'kalasi, kungoti kumeneko zimabwera ndi manambala.

Chaka ndi chaka, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ng'ombe za m'dziko muno zimataya thupi lomwe zinapeza m'dzinja. Mkaka umachepa. Zazikazi zimachedwa kutenga bere. Ng'ombe zapangolo zimafika nyengo yolima zili zofooka, nthawi yomwe zikufunika kwambiri. Tazolowera kungoti ndi chilimwe, ngati kuti palibe chomwe munthu angachitepo.

Chilimwe chili ndi mlandu wake, inde. Koma mbali yaikulu ya vutoli ndi yakuti ambiri aife tikayang'ana tchire timangoona udzu. Sitifunsa kuti ndi udzu wanji, ndipo uli pa msinkhu wanji.

Mafunso awiriwa ndiwo amasiyanitsa ng'ombe yonenepa ndi yowonda.

Zobiriwira zonse si udzu

Phunziro loyamba silifuna buku. Limafuna zala.

Zulani phesi limodzi la chomera cha m'dambo, mulipukuse pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Udzu weniweni phesi lake nthawi zambiri ndi lobulungira, limazungulira bwinobwino, ndipo lili ndi mfundo monga zomwe timaona pa nzimbe, pa phesi la chimanga kapena pa nsungwi. Masamba amatuluka pa mfundozo, lina mbali iyi lina mbali iyo.

Likakana kuzungulira, mukamva ngodya zitatu, ndipo mfundo palibe, chimenecho si udzu. Ndi cha banja la dawe, uja amavutitsa m'madimba ndi timbatata take ta pansi. Gumbwa wa m'madambo akuluakulu ndi wa banja lomweli.

Ziputu zija ng'ombe zimazinyalanyaza zinali za mtundu umenewu. Zimakhala zobiriwira ngakhale mu Okutobala chifukwa mizu yake ili m'madzi, koma masamba ake ndi olimba, okhakhala, ena akuthwa m'mbali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dambo lomwe zomera zamtunduwu zikuchuluka chaka ndi chaka likukuuzani kanthu. Nthawi zambiri ndiye kuti udzu wabwino wadyedwa mopitirira muyeso mpaka watha, ndipo malo ake atengedwa ndi zomwe ziweto sizifuna.

Njedza, yomwe yazinga nyanja ya Chilwa, nayo si udzu ngakhale imaoneka ngati udzu. Masamba ake ndi aatali, ophwatalala, ofewa m'kati, ndipo pamwamba imabereka kamutu kofiirira kooneka ngati mchewere. Asodzi a pa Chilwa amamangapo zimbowera zawo, nsomba zimaswana m'menemo, mbalame zimaikiramo mazira. Ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe nyanjayi inakhalira malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. Koma ngati chakudya cha ng'ombe, njedza yokhwima ndi yosadalirika.

Bango ndiye udzu weniweni. Lili ndi mfundo, phesi lake ndi lamphako. Likamaphuka kumene ng'ombe zimalidya ndithu. Likakhwima, ntchito yake ndi mphasa ndi mipanda basi.

Tikakwera kumtunda, kumunda ndi m'tchire, tikumana ndi ena odziwika.

Kapinga amayanga pansi, n'kumamera mizu pa mfundo iliyonse. Maluwa ake ndi timizere tingapo totuluka pamalo amodzi ngati zala zotambasula. Mlimi wa chimanga amadana naye, ndipo m'pomveka. Woweta ng'ombe ayenera kumulemekeza, chifukwa amapirira kupondedwa ndi kudyedwa mpaka pansi, ndipo ali ndi masamba ambiri kuyerekeza ndi mapesi.

Chigombe ndi uja amamera m'njira ndi m'mizere ya chimanga, wolimba kuzula, phesi lake lophwatalala m'munsi. Ndi m'bale wake wa mawere. Akadali wanthete, mbuzi ndi ng'ombe zimamudya bwino.

Nansongole aliyense woyenda wopanda nsapato amamudziwa. Mphukira zake zimabaya kuphazi, masamba ake amaima chilili ndipo amacheka. Amakonda nthaka yoguga ndi malo otenthedwa chaka ndi chaka. Kufolera nyumba amatha. Kudyetsa ziweto ndi wachabechabe, kupatula masiku ochepa akangophuka.

Ndiye pali tsekera, yemwe ndi mwini tchire m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu.

Udzu umodzi, nkhope ziwiri

Nkhani ya tsekera ndiyo ikufotokoza bwino chifukwa chomwe ng'ombe zimawondera.

Mu Disembala ndi Januwale, udzuwu ukadali m'mawondo, umakhala wofewa ndipo ng'ombe zimaukonda. Koma umakula mothamanga. Pofika Malichi watalika, wamasula, ndipo mphamvu zake zonse zapita kukalimbitsa phesi ndi kukhwimitsa njere. Pofika Juni ndi udzu wofolera.

Akatswiri a ziweto amayeza ubwino wa udzu poona mapuloteni, zakudya zija zomanga thupi ndi kupanga mkaka. Udzu wanthete wa m'dzinja, ukauchotsa madzi, umatha kukhala ndi mapuloteni okwana magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Udzu wamtundu wa tsekera ukakhwima n'kuumira pomwepo, amatsika kufika magawo 2 kapena 3.

Nambala yofunika kuisunga ndi 7.

M'chifu cha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timagaya udzu. Kwenikweni chiweto chimadyetsa tizilomboti, ndipo tizilomboti ndi tomwe timadyetsa chiweto. Mapuloteni akatsika kupyola magawo 7 pa 100, tizilomboti timafooka. Udzu umakhalitsa m'mimba osagayika, ng'ombe imamva kukhuta, imachepetsa kudya, ndipo thupi limayamba kudzidya lokha.

N'chifukwa chake alimi amati yakhuta koma ikuwonda. Sakunama.

Pamodzi ndi mapuloteni, udzu wokhwima umatayanso michere ina, makamaka fosifolasi. Mukaona ng'ombe ikutafuna fupa, ikunyambita dothi kapena kukukuta mtengo, si ufiti. Thupi lake likufunafuna mchere womwe mu udzu mulibe.

Lamulo lake ndi losavuta. Masamba ndiwo chakudya, phesi ndi chodzazira mimba. Udzu ukayamba kumasula, ubwino wake wayamba kutsika tsiku ndi tsiku. Gwirani tsamba m'manja: lofewa, lopindika mosavuta, ndi labwino. Lokhakhala, locheka chala, ng'ombe nayonso likuicheka lilime.

Apa m'pomwe dambo limakhala nkhokwe ya ziweto. Madzi a m'dzinja amasungika pansi pake n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndiye udzu wa m'mphepete umaphukabe pomwe kumtunda kwauma. Ku Chigwa cha Shire, ng'ombe za ku Chikwawa ndi Nsanje zimatsatira madzi akamaphwa m'dambo la Elephant Marsh, lomwe linalowa m'ndandanda wa Ramsar mu 2017. Msipu womwe umamera pomwe madzi achoka ndi wanthete, ndipo ndi umene umapulumutsa ziweto m'dera lotentha kwambiri m'dziko muno.

Koma dambo lili ndi msampha wake. M'madzi osayenda mumakhala nkhono zomwe zimasunga nyongolotsi za m'chiwindi. Tiana ta nyongolotsizi timamatirira pa udzu wa m'madzi, ng'ombe n'kumeza. Chiweto chimawonda, magazi amachepa, nthawi zina chimatupa kunsi kwa chibwano. Ambiri amadzazindikira tsiku lopha, woyeza nyama akalamula kuti chiwindi chitayidwe. Wodyetsa m'dambo asaiwale mankhwala a nyongolotsi, ndipo azifunsa alangizi a ziweto nthawi yoyenera kumwetsa.

Chenjezo lina ndi la mapira. Mapira ndi udzu, ndipo mapesi ake ouma ziweto zimadya popanda vuto. Koma mphukira zomwe zimatuluka pa zitsa atakolola, makamaka zikafota ndi dzuwa, zimakhala ndi poizoni yemwe amatha kugwetsa ng'ombe tsiku lomwelo. Kumadera olima mapira abusa akale ankazidziwa izi. Ana omwe akuweta lero si onse anauzidwa.

Komwe udzu uli pa mtengo

Kuti muone anthu omwe amaudziwa udzu, pitani ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje.

Kumeneko malo ndi ochepa, ndipo ng'ombe zamkaka sizituluka m'khola. Kukangocha mumakumana ndi amayi atasenza mitolo ya udzu, anyamata atamanga ina pa njinga mpaka woyendetsa osaoneka. Mkaka amakagulitsa ku magulu awo omwe ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo chigubu cha mawa chimanena poyera zomwe ng'ombe yadya lero.

Mlimi wa kumeneko safuna womuuza kuti udzu umasiyana. Amaziona pa malita.

Udzu womwe amadalira kwambiri ndi nsenjere. Imamera yokha m'mbali mwa mitsinje, koma alimi amaibzalanso m'malire a minda pogwiritsa ntchito mapesi, monga timachitira ndi nzimbe. Palibe udzu wina kuno womwe umatulutsa chakudya chochuluka pa malo ochepa kuposa umenewu.

Vuto ndi lakuti ambiri amaichedwetsa. Amadikira italike mamita awiri kapena atatu kuti mtolo uoneke waukulu, pomwe nthawi imeneyo yasanduka ndodo. Nsenjere yabwino ndi yofika m'chiuno kapena pachifuwa, pafupifupi mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo m'dzinja imafika pamenepo pakatha sabata 6 mpaka 8 chidulireni. Podula n'kofunika kusiya chitsa chachifupi kuti iphukenso, ndi kubwezera manyowa a m'khola, chifukwa udzuwu umadya nthaka kwambiri.

Ndipo ng'ombe imadya, abale. Yamkaka yolemera makilogalamu 400 imafuna udzu wauwisi wokwana makilogalamu 50 kapena kuposa pa tsiku, poti gawo lalikulu la udzu wauwisi ndi madzi. Mtolo umodzi womwe mwana wabwera nawo pochokera kusukulu sungakwane. Kuudula tizidutswa ndi chikwanje kumathandiza kuti ng'ombe isamasankhe masamba okha n'kupondereza zotsala.

Nsenjere yokha siitulutsa mkaka wambiri. Imafuna ndiwo. Masamba a lukina ndi gilisidiya ali ndi mapuloteni opitirira magawo 20 pa 100, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amadwalitsa. Masangwe a mtedza, omwe m'maboma a Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe amangotenthedwa m'minda, ali ndi mapuloteni oposa kawiri a mapesi a chimanga. Nyemba za mtengo wa nsangu zimagwa m'chilimwe momwe, nthawi yomwe zikufunika. Madeya amawonjezera mphamvu.

Zonsezi zili pakhomo. Palibe choitanitsa kunja.

Ngakhale udzu womwe timautcha wamakono ndi wa kuno ku Africa. Udzu wa Rhodes, womwe ofufuza ku Chitedze ndi ku Bunda akhala akuulimbikitsa kwa zaka zambiri, kwawo ndi konkuno. Mtundu wina wa udzu wa Guinea umadziwika m'mabuku a zaulimi ndi dzina la Ntchisi, boma lathu lomweli. Brachiaria anatengedwa ku Africa kupita ku South America, ndipo lero ndi amene akudyetsa ng'ombe zambiri za ku Brazil, dziko lomwe limagulitsa nyama ya ng'ombe yochuluka kunja kuposa lina lililonse. Tsopano akubwerera kwathu ngati mbewu yogula, m'mitundu monga Mulato II.

Anzathu anaona chuma mu udzu womwe ife timauyatsa.

Vetiva yemwe amabzalidwa m'migula asatisokoneze. Ntchito yake ndi kugwira nthaka kuti isakokoloke, ndipo amaigwira bwino zedi. Masamba ake anthete ziweto zimabudulako, koma munthu asamuwerengere ngati chakudya cha m'khola.

Funso lomwe latsala ndi lakuti: ngati udzu uli wabwino mu Febuluwale ndipo ukusowa mu Okutobala, bwanji osausunga?

Njira zake n'zodziwika. Udzu wa mapesi ang'onoang'ono monga wa Rhodes, kapinga kapena wa m'tchire umamwetedwa ukangoyamba kumasula, n'kuuyanika masiku awiri kapena atatu uku ukutembenuzidwa. Wouma bwino umakhalabe wobiriwirako ndipo umanunkhira. Ukayera mbee kapena kuchita nkhungu, ntchito yawonongeka. Umasungidwa pa thandala, pansi pa denga. Nsenjere siuma bwino chifukwa cha mapesi ake onenepa, ndiye imadulidwa tizidutswa, kuthiridwa madeya, kutsenderedwa m'dzenje loyalidwa pulasitiki ndi kukwiriridwa kuti mpweya usalowe. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri yasanduka sayileji, yemwe amasungika mpaka chilimwe.

Tisawaweruze msanga alimi omwe sachita izi. Nthawi yabwino kumweta udzu ndi yomwe mvula ikugwabe, ndipo kupeza masiku atatu a dzuwa si chinthu chapafupi. Ndi nthawi yomwenso banja lili kalikiliki kubandira chimanga ndi kuthyola fodya, nkhokwe ili pululu, ena ali ku ganyu. Munthu wogona ndi njala n'kovuta kumuuza kuti akamwetere ng'ombe udzu wa miyezi isanu ndi iwiri kutsogolo.

Komabe pali zina zomwe njala siingatiikire kumbuyo.

Moto ndi chimodzi. Ena amatentha tchire kuti aphe nkhupakupa zomwe zimafalitsa chigodola. Ena amafuna msipu watsopano, ndipo n'zoona kuti mphukira za pa lupsa zili ndi mapuloteni ambiri. Koma mphukirazo ndi zochepa, zimatha m'masabata owerengeka, ndipo zimatuluka pogwiritsa ntchito chakudya chomwe udzu unasunga m'mizu. Ziweto zikazibudula mobwerezabwereza mvula isanagwe, chitsa chimafa. Zikatero chaka ndi chaka, udzu wabwino umatha, nansongole n'kulanda malo. Ndipo moto wambiri womwe timauona sunayatsidwe ndi woweta n'komwe. Ndi wa mbewa. Kuti munthu apeze mbewa zodzaza mpani umodzi, chakudya cha ng'ombe za mudzi wonse chimapita mu utsi, pamodzi ndi udzu womwe amayi akanafolera nyumba kapena kugulitsa.

Chachiwiri ndi kutha kwa madambo enieniwo. Madimba akulowa mpaka pakati. Oumba njerwa akukumba maenje. Ena akubzala bulugamu m'mphepete, ena akumanga nyumba pomwe kale madzi ankaima. Sitinganyoze dimba, chifukwa tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi zikuphunzitsa ana ambiri. Koma malo odyetsera akamachepa, ng'ombe zomwezo zimaunjikana pa kachigawo kotsala, n'kukadya mpaka dothi. Njira zomwe zimaponda popita kumadzi zimasanduka zigwembe, zigwembezo zimatsitsa madzi a pansi, ndipo dambo lomwe linkasunga chinyontho mpaka Novembala limauma mu Ogasiti. Dimba lija nalonso limadzauma.

Milandu ya ng'ombe zodya mbewu za m'dimba yomwe imadzaza mabwalo a mafumu m'chilimwe gwero lake ndi lomweli.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru za udzu zikupita ndi eni ake. Agogo omwe anakulira kubusa amatha kutchula mitundu ya udzu yochuluka, kunena womwe umanenepetsa, womwe umatsegula m'mimba, womwe umasonyeza kuti pansi pali madzi, womwe umasonyeza kuti nthaka yatha. Ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuli zitsanzo zouma za zomera za dziko lino, zosungidwa bwino ndi mayina ake a sayansi. Koma mwana woweta mbuzi ku Dowa sadzafikako, ndipo mlangizi wa ziweto mmodzi amayang'anira midzi yambiri moti sangayende ndi mlimi aliyense m'dambo.

Tisaiwalenso kuti nafenso timadalira banja la udzu. Chimanga ndi udzu. Mpunga wa Kilombero womwe Karonga imanyadira ndi udzu wa m'dambo. Mapira, mchewere ndi nzimbe ndi udzu. Mawere, omwe ambiri timangowakumbuka pofulula thobwa, ali ndi kashiamu wolimbitsa mafupa wochuluka kuposa chimanga, mpunga ndi tirigu. Mbewu zimenezi timazidziwa bwino: nthawi yobzala, yopalira, yokolola, ndi kasungidwe kake. Palibe mlimi angasiye chimanga chake m'munda mpaka Okutobala kuti moto udutsemo.

Udzu wa ziweto ndi mbewu yomwe Mulungu amatibzalira, koma ndi yokhayo yomwe sitikolola.

Mafumu ali ndi mphamvu yoika malire m'madambo, kuti uku kukhale madimba, uku kodyetsera, ndi kupatula chigawo china kuti chipume mpaka chilimwe. Ali ndi mphamvu yolipiritsa oyatsa tchire, monga amachitira ndi odula mitengo kumanda. Makalabu a alimi angathe kugwirizana tsiku lomwetera limodzi dzuwa likawala mu Malichi, monga amachitira pa ntchito zina za chitukuko. Aphunzitsi a zaulimi m'sukulu za pulayimale angathe kutulutsa ana m'kalasi, kupita nawo kudambo pamodzi ndi wachikulire wa m'mudzimo, aliyense akazule phesi n'kulipukusa m'zala.

Inu muli ndi ng'ombe kapena mbuzi, musadikire kuti nthiti ziyambe kuoneka. Mvula ikubwerayi, udzu ukangoyamba kumasula, tengani zenga mukamwete.